Woperekeza Nangondo ku Nyenyezi

Amene munakhalako ku Linthipe zaka za m'mbuyomu mukumukumbukira Elifazi Kanyumbu, wokhoma zidebe uja ankakhala kuseri kwa chigayo. Ngati simukumudziwa, senderani pafupi, chifukwa nkhani yakeyi siifuna kukweza mawu. Pa ntchito ya manja Elifazi analibe mnzake. Ndowa yake sinkadontha, mbaula yake inkatha zaka osapindika. Vuto linali mumtima. Munthu uja ankakayikira chilichonse chopuma mpweya. Ukamupatsa moni ukuseka, ankafuna adziwe chimene waseka. Ukamupatsa moni osaseka, ankagona akuganiza kuti ndani wakuuza zoipa za iye.

Wosenza mtolo wonsewo anali mkazi wake Nangondo, mayi wofatsa amene ankagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Anakhala m'banja zaka makumi awiri ndi zitatu, ana awo awiri anakula n'kupita kutauni, imvi zinayamba, koma akachedwa pang'ono kumjigo ankafikira pa mlandu. Ankayenera kufotokoza njira imene wadzera, anthu amene wakumana nawo, ndi chifukwa chimene dalaivala wa lole wa dzulo anagulira mbatata osanenerera. Elifazi akamalawira ulendo wakutali ankamutsekera m'nyumba ndi loko, ati kuopa akuba, kiyi n'kusiyira wa pachigayo kuti adzatsegule kukacha.

Kenaka tulo tinamuthawa Nangondo. Ankagona chagada, maso ali kudenga, mpaka tambala wachitatu. Anaonda, khosi linatalika. Kuchipatala anati ndi BP, anamupatsa timapiritsi toyera. Azimayi a pamsika ankati BP ya Nangondo imavala buluku ndipo imakhoma zidebe, koma ankanena zimenezo mwini wakeyo atadutsa.

Pamzere wa a BP pomwepo ndi pamene anadziwana ndi Mayi Tsakala, wamasiye wa kutsidya kwa mlatho. Tsiku lina Nangondo anabwera kuchokera kumeneko ndi kakhadi ka m'foni kokulunga m'pepala la kope. Madzulo, atakonza pogona, anakalowetsa m'foni yake ya mabatani ija n'kuiika pafupi ndi khutu. Elifazi anali atatembenukira kukhoma, koma makutu ake sankagona ayi.

Munatuluka mawu a mwamuna. Anali mawu otsika, osafulumira, a munthu amene alibe kwina kothamangira.

"Gonani bwino, mayi. Tsekani maso. Katundu yense musiye pakhomo, kumene tikupita sikufuna mtolo. Tiyambira ku Mwezi chifukwa ndi pafupi. Kumeneko kulibe mphepo, kulibe mvula. Mukaponda pansi, phazi lanu likhala pomwepo zaka zosawerengeka, palibe wolifafaniza. Kulibenso phokoso. Ngakhale wina atamenya chitsulo pambali panu, simungamve kanthu."

Elifazi anadzuka n'kukhala tsonga.

"Chitsulo? Akunena ndani ameneyo? A Nangondo, ndani akukulankhulani pabedi panga?"

"Ndi aphunzitsi a sayansi, bambo, amuna awo a Mayi Tsakala. Anamwalira kalekale. Anajambulira akazi awo nthawi imene ankavutika tulo ngati ine. Amangofotokoza za mapulaneti, maiko aja amazungulira dzuwa. Palibe china."

"Munthu wakufa adziwa bwanji kuti pano pali womenya chitsulo?"

"Sakudziwa. Akungophunzitsa." Nangondo anayasamula, chinthu chimene anali asanachite kwa miyezi inayi. "Chimodzi chokha ndikupempheni, bambo. Musamazimitse pakati. Amapita nane, amabwera nane. Ikatha imazima yokha."

Elifazi anafuna kufunsanso, koma mkazi wake anali atapita kale. Mawu aja anapitiriza okha mumdima, akunena za Mazi, dziko lofiira la fumbi lokhalokha, kumene dzuwa likamalowa thambo limaoneka labuluu. Elifazi anatsimikiza kuti amvetsera mpaka kumapeto kuti agwire bodza pamene labisala. Anadzidzimuka kunja kutayera, kukamwa kuli yasa. Zimenezi zinamuwawa kwambiri, chifukwa iye sankakhulupirira tulo tobwera popanda chilolezo chake.

Sabata yoyamba Nangondo anagona ngati khanda. Yachiwiri anayamba kuimba akusesa. Masaya anabwerera, azimayi a pamsika anayamba kumufunsa mafuta amene akudzola. Mwamuna wina akanapha nkhuku kuthokoza. Elifazi anayamba kuwerenga zachilendo.

Choyamba chinali mapazi. Nangondo ankagona atafunda mabulangete awiri, koma m'mawa mapazi ake ankazizira ngati wangowoloka mtsinje. Kumiyendo kwa bedi kunkapezeka kafumbi kotuwa, kosalala kuposa phulusa, pamene dothi la kwawoko ndi katondo wofiira. Elifazi anakanyambita pachala. Kanalibe kukoma kulikonse, kankangonunkhira ngati machesi ozima kumene.

Chachiwiri chinali chitenje chokhuthala chimene Nangondo ankakoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Elifazi atadzuka usiku wina kuti akataye madzi anapapasa pamsomalipo, panalibe kanthu. M'mawa chinali pomwepo, chozizira ngati chagonera panja. Atafunsa, mkazi wake anati mwina munapapasa msomali wina. M'nyumba monsemo msomali wokolekapo zovala unali umodzi.

Kenaka magetsi anazima masiku anayi. Mafoni a anthu onse anafa, achinyamata a pamsika anasowa chochita ndi zala zawo. Foni ya Nangondo inafanso, masana sinkayaka n'komwe. Koma usiku akangoiika pafupi ndi khutu, mawu aja ankayamba, "Gonani bwino, mayi," foni ili bii, yosaonetsa ngakhale kakuwala.

Chimene chinamudya kwambiri Elifazi sichinali chimenechi. Chinali chakuti mafunso ake anasiya kuluma. Kale akafunsa, Nangondo ankanjenjemera mawu, kulumbira, nthawi zina kulira, ndipo mtima wa Elifazi unkakhala pansi. Tsopano ankayankha mwachidule, nkhope ili phee, maso ali ngati akuona chinthu china kuseri kwa mutu wa mwamuna wake. Elifazi anati mumtima, mkazi sasintha chonchi chifukwa cha sayansi. Pali munthu, ndipo kafonika ndi chizindikiro chawo chomuuza kuti chitsiru chagona, bwera.

Ndiye anachita zimene amuna a mtundu wake amachita. Madzulo anasesa bwalo lonse yekha, zimene zinadabwitsa ngakhale nkhuku, n'kuwaza phulusa kuyambira pakhomo mpaka pachipata cha mpanda. M'mawa anatuluka chokwawa kukayang'ana. Phulusa linali losalala monse, ngakhale khoswe sanadutsepo. Koma pakhomo penipeni panali mapazi awiri a nsapato zachimuna, ogundana, oyang'ana kuchitseko, ozama ngati mwini wake anaima nthawi yaitali. Panalibe mapazi obwera, panalibe mapazi opita. Elifazi anawayang'ana mpaka dzuwa linamutentha pakhosi, kenaka anawafafaniza ndi phazi ndipo sanauze munthu.

Lachisanu lotsatira analawira kuti akakwere lole ya ku Lilongwe kukagula malata. Anamusiya Nangondo ali m'tulo, anakhoma loko wake, nayamba kutsika kanjira ka miyala kopita kumsewu. Nthanda inali itatuluka, kunja kuli chisisira. Patsogolo pake anaona munthu wamtali akuyenda pang'onopang'ono, atavala jekete, paphewa atasenza chinthu chachitali ngati paipi ya madzi. Agalu a pachigayo, amene ankauwa ngakhale mthunzi wawo, anali chete.

Elifazi anafulumira kuti amupitirire n'kumuona nkhope. Atafika pambali pake, munthu uja sanatembenuke. Anangolankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Mwadzuka bwanji, a Kanyumbu. Ndawasiya pakhomo, afika bwino."

Mawuwo Elifazi ankawadziwa. Anaima pomwepo. Munthu uja anapitirira, nsapato zake zikulira pamiyala mofatsa, mpaka anakhotera ku mlatho. Elifazi anabwerera chothamanga. Loko anali wokhoma monga anamusiyira, mawindo otseka. M'kati Nangondo anali akudziwongola, akumwetulira, n'kumufunsa ngati lole yamusiya.

Wina akanapita kwa abusa tsiku lomwelo. Wina akanapita kutsidya kwa mlatho kukafunsa Mayi Tsakala bwinobwino. Elifazi mantha anali nawo ndithu, koma nsanje inali pamwamba pa mantha. Wamoyo kaya wakufa, iye anati, mwamuna ndi mwamuna, ndipo uyu wafika pomandipatsa moni.

Usiku umenewo anamwa tiyi wa masamba okhaokha makapu atatu, nagona atafumbata msomali kuti tulo tikabwera adzibaye. Mawu anayamba. Anadutsa Mwezi, anadutsa Mazi. Elifazi anadzibaya kawiri. Kwa nthawi yoyamba anamva zimene zinali kutsogolo.

"Uyu ndi Jupita, wamkulu wa onse. Alibe nthaka yoti mupondepo, ndi mitambo yokhayokha. Mukuona banga lofiiralo? Ndi namondwe, wamkulu kuposa dziko lathu lonse, ndipo wakhala akuwomba zaka mazana. Koma sakukukhudzani, mayi. Tingomudutsa chapatali."

Mawu anaima pang'ono, ngati mphunzitsi wodikira kuti mwana amalize kulemba. Elifazi anayang'ana mkazi wake. Milomo ya Nangondo inkagwedezeka ngati akuyankha.

Anafika pa Sateni, wovala mikombero ya madzi oundana, timiyala tosawerengeka tozungulira mwakachetechete popanda wotikusa. Anafika pa Yuranasi, dziko limene limayenda ulendo wake wonse litagonera m'mbali, ngati munthu wotopa. Pofika apa m'chipindamo munali mutazizira moti Elifazi ankaona mpweya wake. Nangondo ankapuma motalikitsa, kamodzi, n'kudikira, kenaka kamodzinso.

"Tafika ku Neputuni, mayi. Ano ndi malire. Khalani pansi mupume. Kanyenyezi kowala ako ndi dzuwa lija limakuwotchani pamsewu. Kuno chaka chimodzi ndi zaka zathu zoposa zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi, ndiye palibe chochedwa. Palibe akukuitanani. Palibe akukudikirani pakhomo."

Kenaka mawu aja anafunsa motsitsa, "Tikhaleko pang'ono?"

Ndipo Nangondo, ali m'tulo, anayankha momveka bwino. "Eee, tikhaleko."

Magazi anamukwera kumutu Elifazi. Anatsomphola foni ija, anaitsegula kumbuyo ndi chikhadabo, anasolola kakhadi. Anatuluka nako panja osavala malaya, anakaika pachitsulo chake chokhomerapo, nakamenya ndi nyundo katatu mpaka kanasanduka zinyenyeswa. Anabwerera m'nyumba akupuma mwamphamvu, mtima uli mbee ngati wapha njoka. Anagona pambali pa mkazi wake n'kunena kuti tione tsopano ngati akubweretseni.

Chakum'bandakucha anamva mapazi. Anachokera kunjira, anafika pachipata, anaima. Anali a munthu mmodzi. Anaima pamenepo nthawi yaitali kwambiri, kenaka anabwerera pang'onopang'ono kumene anachokera.

Kutacha Nangondo sanadzuke. Elifazi anamuitana, anamugwedeza, anamuwaza madzi kumaso. Thupi linali lozizira mpaka m'mapewa, koma ankapuma, patalipatali. Nkhope yake inali ya munthu amene wakhala pamthunzi. Anansi anathandiza kumunyamula pangolo mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Dokotala anayeza zonse zimene akanatha, anati BP ili bwino ngati ya mtsikana, shuga ali bwino, malungo palibe. Anamuika diripi m'kachipinda ka pambali, nati mawa m'mawa ambulansi imutengera kuchipatala chachikulu. Anafunsa ngati mayiwa amwa chinachake. Elifazi anati sakudziwa, akuyang'ana pansi.

Masana anawoloka mlatho. Mayi Tsakala anali pakhonde akusankha nyemba, mayi wachikulire wovala magalasi omanga ndi ulusi. Elifazi anakhala pansi osadikira mpando, nafotokoza zonse, kupatula za phulusa. Mayiyo anasiya lichero.

"Mwamusiya pati?"

"Ati ku Neputuni."

"Mayo ine!" Mayi Tsakala anagwira pakamwa. "Kumalire? Bambo inu, muli ndi mutu koma? Munthu amatengedwa pakhomo, amabwezedwa pakhomo. Mkazi wanuyo anakuuzani kapena sanakuuzeni?"

"Anandiuza. Ndipatseniko khadi ina, mayi, ndagwira mwendo wanu."

"Ina ndiitenga kuti? Inali yomweyo. Malemu anajambula kamodzi kokha, mwezi umene anamwalira."

Elifazi anayang'ana m'nyumba kudzera pachitseko. Pakona panali chipaipi chachitali chokhala ndi galasi kumapeto, choonera nyenyezi, chotsamira khoma. Ngakhale dzuwa linali paliwombo, pachipaipipo pankatsika timadontho ta mame. Mayi Tsakala anaona kumene akuyang'ana, anadzuka n'kukankha chitseko.

"Nanga inu munaiperekeranji kwa mkazi wanga, ngati ndi yabwino?" Elifazi anafunsa, chifukwa ngakhale pamenepo khalidwe lake silinamusiye.

Mayiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinagona nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Usiku wina tikubwerera, titafika pa Mwezi, ndinaona dziko lathu pansipo, ndipo ndinapeza kuti sindikufuna kutsika. Ndinatsika chifukwa cha adzukulu anga. Kutacha ndinaichotsa m'foni. Wanuyo ndinamumvera chisoni, maso atalowa m'kati. Ndinati ali ndi mwamuna, ali ndi chobwererera." Anapukusa mutu. "Sindinkakudziwani."

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi tsamba la kalendala yakale ndi pensulo. Kuseri kwake analemba maina asanu ndi limodzi m'zilembo zikuluzikulu, kuyambira Neputuni kutsika mpaka Mwezi, ndipo pa dzina lililonse anamuuza zimene zili kumeneko, n'kumubwerezetsa ngati mwana wa sitandade wani mpaka analoweza.

"Njira ndi imeneyi. Mukamutenge nokha. Musakadumphe malo, musakathamange, ndipo mawu anu okhomera zidebewo mukawasiye panja. Mukangomuuza zimene zili m'njira, basi. Mukafika naye pakhomo mukamuuze kuti lowani. Akapita kuchipatala chachikulu mawa asanabwereko ku Neputuni, madokotala adzakhala akusamalira thupi lokha."

Usiku umenewo Elifazi anakhala pampando wachitsulo pambali pa bedi. Nesi anazungulira komaliza nakagona. M'kachipindamo munali babu limodzi lofooka ndi windo loyang'ana pakhonde. Anagwira dzanja la mkazi wake, lozizira ngati mpini wa mjigo m'mwezi wa Juni, anatambasula kalendala ija pabondo, nakonza kukhosi.

"A Nangondo," anayamba. Mawu anatuluka aukali monga mwa masiku onse. Anayambanso motsitsa. "A Nangondo. Ndine. Mwapuma mokwanira. Dzukani pamene mwakhalapo, muyang'ane kanyenyezi kowala kaja. Ndi dzuwa. Tilunjika kumeneko."

Palibe chinasintha. Koma pakhonde, kuseri kwa windo, mapazi anafika n'kuima. Elifazi sanatembenuke, anapitiriza.

Anamuuza za Yuranasi wogonera m'mbali. Anaiwala zina, anaonjezera zake, anati mwina nayenso msana umamuwawa ngati wa inu mukachoka kumunda. Anadikira monga ankadikirira mphunzitsi uja. Pa Sateni anafotokoza mikombero ija ngati mikombero ya ndowa, chifukwa ndi imene ankaidziwa, ndipo ali pakati pofotokoza anamva kuti kuzizira kwachoka m'zala za mkazi wake. Anapitiriza mosamala ngati wonyamula madzi odzaza. M'zaka makumi awiri ndi zitatu anali asanalankhulepo ndi mkazi wake nthawi yaitali chonchi popanda kufuna yankho, ndipo anadabwa kuona kuti mawu otere anali nawo.

"Uyu ndi Jupita. Namondwe uja musamuope, tidutsa chapatali. Gwirani dzanja langa."

Zala za Nangondo zinafinya zake. Elifazi misozi inatsika, sanaipukute. Pa Mazi mpweya wa mkazi wake unayamba kuyenda ngati wa munthu wogona tulo wamba. Pa Mwezi anausa moyo, anasuntha mwendo. Apa Elifazi anakumbukira zimene ananena Mayi Tsakala, koma sanathamange.

"Taonani pansipo, a Nangondo. Lija labuluu, la mitambo yoyera, ndi lathu. Tiyeni titsike. Ana anu ali kumeneko. Mbatata yanu ili m'thumba, sindinaigulitse, sindidziwa mitengo. Tatsika. Ilo phiri la Dedza. Uwo msewu. Icho chigayo. Uwu ndi mpanda wathu, ichi chipata. Tafika pakhomo."

Zikope za Nangondo zinagwedezeka. Thupi lonse linali lofunda. Panatsala liwu limodzi lokha, ndipo linali kale pamlomo pa Elifazi.

Koma Nangondo anatembenuzira mutu kuwindo, maso asanatsegule bwino, namwetulira kumwetulira kumene Elifazi anali asanakuone chiyambire chinkhoswe chawo.

"Zikomo kwambiri," ananong'ona. "Ndafika. Pitani bwino."

Pakhonde mapazi aja anayamba kuchoka. Elifazi anayang'ana kuwindo, anayang'ana kumwetulira kuja. Iye ndi amene anayenda ulendo wonsewo, iye ndi amene mawu anamuthera, ndiye zikomo akupita kwa wina? Nsanje ija inadzuka, inakankhira pambali liwu limene Mayi Tsakala anamuuza. Dzanja lake linafinya dzanja la mkaziyo mwamphamvu, ndipo mawu okhomera zidebe aja anabwerera okha.

"Mukumusekerera chonchi ndi ndani wanu ameneyu? Usiku wonse uja munkachita naye chiyani kumeneko?"

Nangondo anatsegula maso. Anali maso a munthu wodzuka bwinobwino. Anayang'ana babu, anayang'ana diripi, anayang'ana dzanja lake lofinyidwa, kenaka anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali. Munalibe mkwiyo m'maso mwake, munali kutopa kokha.

"Ha," anatero motsitsa. "Ndi kuno eti."

Anatembenukiranso kuwindo.

"Aphunzitsi, tadikirani."

"Ayi! Lowani, a Nangondo! Ndati lowani! Lowani!"

Maso anali atatsekeka kale. Pakhonde mapazi opita aja anaima, anadikira pang'ono. Atayambanso kuyenda anali a anthu awiri, ena olemera, ena opepuka opanda nsapato, ndipo sankafulumira.

Elifazi anatola kalendala ija pansi nayambiranso pa Neputuni, motsitsa, mofatsa, monga anaphunzitsidwira. Atafika pakhomo anayambiranso. Nesi atalowa m'mawa kudzanena kuti ambulansi yafika, anamupeza akutchulabe maina aja ndi mawu osasa, dzanja la mkazi wake litauma kale m'manja mwake.